WOSONKHETSA NDALAMA ZA ANTHU AONETSE CILOLEZO NDI MABUKU

Caka ndi caka, nkhokwe zikadzala ndipo ndalama za cimanga, nshawa, thonje ndi fodya zikayamba kulowa m'matumba a alimi a ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi, m'midzi mumafika alendo amene sanaoneke pa nthawi ya kulima ndi kupalira. Ena amabwera ndi sikelo, ndipo za iwo zakambidwa kale kambirimbiri. Ena amabwera ndi pepala. Pepalalo limakhala ndi dzina la bungwe lolembedwa m'Cingerezi, cithunzi ca mwana wowonda, mizere yolembamo maina a opereka, ndi cidindo cofufutika pansi pake cimene palibe angathe kuciwerenga. Mwini pepala amalankhula mofatsa ngati mbusa. Akuti akumanga nyumba ya ana amasiye. Akuti akugula njinga za olumala. Akuti mudzi ukasonkha pang'ono, anthu a kunja adzaonjezapo zambiri ndipo mjigo udzakumbidwa mvula isanagwe. Mayi amamasula mfundo ya citenje, mkulu amagwira nkhuku, mphunzitsi amalemba dzina lake pamwamba kuti ena atsanzire. Mlendo amathokoza m'dzina la Mulungu, nakwera basi. Mvula imagwa, nkukata, nkugwanso, mjigo osaoneka.

Kumeneku ndi kuba, ndipo kuyenera kuchulidwa ndi dzina lake. Komanso ndi kuba koipa kupambana kwa mbala yothyola khola usiku. Wakuba ng'ombe amasiya khola lopanda kanthu, koma mwini wake akhoza kugwira nchito nagula ina. Wosonkhetsa wabodza amatenga ndalama pamodzi ndi mtima wopatsa, ndipo mtima umenewo sugulidwa pa msika.

Dziko la Zambia silinamangidwe ndi misonkho ya Boma yokha. Pamene ufulu unafika mu 1964, anthu a dziko lino amene anali ndi maphunziro a yunivesite anali pafupifupi 100 cabe. Pempho litamveka lakuti dziko likhale ndi yunivesite yakeyake, anthu wamba anasonkha zimene anali nazo, wina ndalama, wina mbuzi, wina nkhuku, ndipo mu 1966 University of Zambia inayamba kuphunzitsa. Masukulu ambiri a kumidzi, nyumba za aphunzitsi ndi zipatala zazing'ono zinaima cifukwa amuna anaumba njerwa, amayi anatunga madzi, ndipo banja lirilonse linaponya kanthu m'mbale. Akuluakulu anati kupatsa nkuika, ndipo midzi inakhulupirira mau amenewo. Koma mudzi umene wanyengedwa kawiri sudzasonkha kacitatu. Tsiku limene komiti yoona ya sukulu idzapempha ndalama za malata, anthu adzaloza kumene kunalowera mlendo wa pepala uja, ndipo ana adzaphunzira pansi pa mtengo cifukwa ca chimo la munthu amene sadzamuonanso.

Cifukwa cake nkoyenera kuti munthu kapena bungwe liri lonse lofuna kusonkhetsa ndalama kwa anthu amene saali mamembala ake liyambe latenga cilolezo, ndipo likatsiriza lionetse mabuku.

Alipo amene amakwiya akamva mau amenewa. Iwo amati cifundo sicipempha cilolezo, ndipo Msamariya uja sanayambe wapita ku boma kukatenga cidindo asanamange mabala a munthu wovulala. Nzoona. Koma Msamariya anatulutsa ndalama za m'thumba mwake. Wopereka zake safunika cilolezo, ndipo palibe lamulo lanzeru limene lingamufunse. Wofunika cilolezo ndi uja wogwira za eni, amene amaima pakati pa dzanja lopatsa ndi dzanja lolandira. Wogulitsa nyama amayang'aniridwa, wogulitsa mowa amatenga laisensi, woyendetsa basi amayesedwa asanaloledwe kunyamula miyoyo ya anthu. Nanga munthu wonyamula thukuta la midzi makumi awiri m'cikwama cake angakhale bwanji yekha wosafunsidwa kanthu? Bungwe loona silitaya ciri conse pa kufunsidwa. Limapindula, pakuti akathyali akacotsedwa pa njira, zopereka zimene anali kudya zimafika kwa ilo. Wolira mokweza kuti cilolezo cikupha cifundo ayenera kufunsidwa mofatsa kuti mabuku a caka catha ali kuti.

Pano pali msampha umene anthu ambiri amagwamo. Wosonkhetsa akafunsidwa, amatulutsa satifiketi yoonetsa kuti bungwe lake linalembetsedwa ku Lusaka, kaya kwa Registrar of Societies, kaya ku PACRA, kaya pansi pa lamulo la mabungwe osakhala a Boma la 2009. Anthu akaona cizindikiro ca dziko pa pepalalo amagonja. Koma satifiketi yotero imangonena kuti bungwelo liripo ndipo liri ndi dzina. Sinena kuti ndalama zosonkhedwa lero zikupita kuti. Sinena kuti munthu waima pakhomoyu ndi wotumidwa ndi bungwelo. Sinena tsiku loyamba ndi lotsiriza la kusonkhetsa, kapena kuti pa kwaca iriyonse ndi ngwee zingati zimene zidzathera pa mafuta a galimoto, malipiro ndi misonkhano ya m'mahotela. Ciphaso ca kubadwa cimatsimikiza kuti munthu anabadwa, koma sicitsimikiza kuti munthuyo sakuba.

Cilolezo ceniceni ca kusonkhetsa ndi cinthu cina, ndipo sicacilendo pa dziko lapansi. Ku England ndi Wales kuli lamulo la 1939 lolamulira osonkhetsa oyenda khomo ndi khomo. Wofuna kusonkhetsa amapempha ku khonsolo ya dera limenelo, nachula colinga, malo ndi masiku. Khonsolo iri ndi mphamvu yokana ngati gawo lopita kwa othandizidwa liri locepa poyerekeza ndi zonse zosonkhedwa, ngati malipiro a osonkhetsa ali opitirira muyeso, kapena ngati wopemphayo anapezekapo ndi mlandu wa cinyengo. Wokanidwa ali ndi kumene angakadandaule. Woyenda m'makomo aliyense amavala baji ndi kunyamula kalata yomuloleza, ndipo nchito ikatha, mwini cilolezo amapereka ciwerengero ca zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Osonkhetsa a m'misewu amanyamula zitini zomata, za manambala, zimene wonyamulayo saloledwa kutsegula payekha. Palibe ca matsenga pamenepa. Komiti ya sukulu ya ku Vubwi ikhoza kucita zonsezi ndi buku la malisiti limodzi ndi mboni ziwiri.

Kumenekonso kunacitika nkhani imene iyenera kutsegula maso a onse okhulupirira dzina lokoma. Mu Epulo 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, msilikali wakale wa zaka 99, Tom Moore, anayenda mozungulira bwalo la nyumba yake maulendo 100, ndipo anthu anasonkha mapaundi oposa 32 miliyoni othandiza a zipatala. Ndalama zimenezo zinafika kumene zinalinga. Pambuyo pake kunakhazikitsidwa bungwe lina m'dzina la nkhalambayo, ndipo mu Novembala 2024 Charity Commission, imene imayang'anira mabungwe acifundo kumeneko, inalengeza kuti ena a m'banja lake anadzipindulira okha kudzera m'bungwelo. Wotsutsa adzati: onani, bungwe lolembetsedwa nalonso lalakwa, nanga cilolezo cathandiza ciani? Cathandiza ici: panali mabuku oti atsegulidwe, panali ofesi ya mphamvu yowatsegula, ndipo olakwa analetsedwa kuyendetsanso mabungwe otero kwa zaka zambiri. Mlendo wa cidindo cofufutika sasiya buku liri lonse loti munthu atsegule.

Masiku ano mlendoyo safunikanso kukwera basi. Amafika pa foni. Cithunzi ca wodwala cimayenda pa WhatsApp ndi Facebook, pansi pake pali nambala ya Airtel Money kapena ya MTN, ndipo ana a mudzi amene ali ku Lusaka, Kitwe ndi Johannesburg amatumiza msanga misozi iri m'maso. Mapempho ambiri otero ndi oona, ndipo apulumutsa miyoyo. Ena ndi zithunzi zobedwa. Pamene Boma linalengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti cilala cafika pa mlingo wa tsoka la dziko lonse, mahekitala a cimanga pafupifupi 1 miliyoni atapserera, mitima ya anthu inatseguka, ndipo nthawi zotero ndizo zimene fisi amakonda. Lamulo la cilolezo limene lingayang'ane woyenda pansi ndi kusiya wa pa foni lingakhale mpanda wochinga mbali imodzi ya munda. Bungwe lopempha kwa anthu onse lisonkhetse pa nambala kapena akaunti yolembedwa m'dzina la bungwelo, osati m'dzina la mlamu wake wa wapampando.

Kufika apa a m'maofesi akhoza kuomba m'manja. Asafulumire, pakuti mdani waciwiri wa nkhaniyi amakhala kuseri kwa desiki.

Atsamunda amene kwao anapanga lamulo loyang'ana m'bokosi la ndalama, kuno anabweretsa malamulo oyang'ana m'kamwa mwa anthu. Lamulo lolembetsa masosaite linabadwa m'zaka za m'ma 1950, pamene Bwanamkubwa anali kufunafuna njira zogwirira pakhosi magulu a anthu akuda. Mu Marichi 1959 Zambia African National Congress inaletsedwa, ndipo Kenneth Kaunda anathamangitsidwira ku Kabompo. Dziko limene linalawa cikwapu cimeneco likanayenera kucitaya m'cimbudzi, koma maboma otsatizana anacisunga pa mtanda wa denga. Mu 2004 bungwe la SACCORD linafufutidwa m'kaundula pa cifukwa ca citetezo ca dziko, ndipo linacita kupita ku khoti kuti lipitirize nchito. Mu Marichi 2012 Registrar of Societies anafufuta MMD, cipani cimene cinali citangotsiriza zaka 20 cikulamulira, ponena kuti sicinalipire ndalama za kaundula, ndipo Khoti Lalikulu ndilo linabweza ciweruzoco. Membala wa cipani ciri conse aganizire bwino nkhani imeneyi. Ndodo imene cipani cake cingasulire anzake lero idzapezeka m'dzanja la wina mawa.

Lamulo la mabungwe osakhala a Boma la 2009 linabwera ndi mau okoma akuti likufuna cilungamo pa ndalama, koma m'kati mwake munali zina. Linakhazikitsa bodi imene mbali ya Boma inali ndi mipando yambiri. Linapatsa bodiyo mphamvu yobvomereza dera limene bungwe lingagwiremo nchito. Linalola kuti bungwe likanidwe cifukwa ca ubwino wa anthu onse, popanda kufotokoza kuti ubwinowo ndi ciani ndipo woupima ndani. Linalamulanso kuti bungwe lizilembetsa mwatsopano zaka zisanu zirizonse. Nkosadabwitsa kuti pamene Boma linalamula mabungwe kulembetsa mu 2013, ambiri a akuluakulu anakana. Cotuluka cake ncomvetsa cisoni: zaka zinatha pa mkangano wa Boma ndi mabungwe a ku Lusaka, wina akuopa kutsekedwa pakamwa, wina akuopa kudzudzulidwa, pamene funso la mayi wa ku Sinda, lakuti ndalama zake zinapita kuti, linalibe woliyankha.

Cilolezo ca kusonkhetsa cifunse zinthu za ndalama zokha. Ndani akusonkhetsa, za ciani, kuti, kufikira liti, ndipo zosonkhedwa zinagwira nchito yanji. Cisafunse kuti wopemphayo anabvotera yani, amapemphera kuti, kapena ananena ciani pa wailesi za nduna yakutiyakuti. Tsiku limene kalaliki adzaloledwa kukana cilolezo cifukwa nkhope ya wopempha siikondweretsa bwana, cilolezoco cidzasanduka malonda, ndipo woyamba kucigula adzakhala wakuba yemwe uja, pakuti iye ndiye ali ndi ndalama za ciphuphu. Gulu la amayi osamala ana amasiye ku Chama lidzabwerera cimanjamanja.

Ndipo wofunsa mabuku a ena ayambe watsegula ake. Mu 2009 maiko a Sweden ndi Netherlands anaimitsa thandizo lao ku Unduna wa Zaumoyo zitadziwika kuti ndalama zambiri zabedwa m'menemo. Mu Sepitembala 2018 Britain inaimitsa thandizo lake, monga anacitiranso Ireland, Finland ndi Sweden, pamene madola oposa 4 miliyoni a ndalama zothandizira mabanja osaukitsitsa sanadziwike kumene analowera. President Edgar Lungu anacotsa nduna pa nchito. Unduna umenewo, woona za citukuko ca m'midzi ndi cisamaliro ca anthu, ndiwo unapatsidwa udindo wolembetsa mabungwe pansi pa lamulo la 2009. Ndalama zimenezo zinali za nkhalamba, za olumala ndi za amayi amasiye, anthu omwewo amene wosonkhetsa wabodza amagwiritsa nchito zithunzi zao. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo khoswe wa mu ofesi amakhala pa mkhate waukulu kuposa wa mlendo wa pepala. Zimenezi sizicotsa kufunika kwa cilolezo. Zimangoonetsa kuti ciwerengero ca zosonkhedwa cisamathere m'kabati ya ofesi, koma cizifika pamaso pa anthu amene anasonkha, pakuti iwo okha ndiwo alibe cifukwa cobisa.

Pali zosonkha zina zimene lamulo liyenera kuzilambalala kutali. Mbale ya cipepeso pa maliro, copereka ca m'chalichi kapena mu mzikiti pakati pa opemphera ake, cilimba ca amayi a pa msika, gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama m'mudzi, abale osonkherana kuti mwana apite ku koleji: m'zonsezi wopereka amadziwa wosunga thumba, amadziwa nyumba yake ndi manda a makolo ake, ndipo akaba adzakumana naye pa citsime m'mawa. Kumeneko mudzi uli ndi khoti lake lakale. Wofuna cidindo ca boma pa mbale ya maliro ndi munthu amene sanagonepo pa siwa. Cilolezo ciyambire pamene wopempha acoka pakati pa omudziwa ndi kupita kwa anthu amene sangathe kumulondola.

Otsala ndi atsogoleri eni ake, ndipo apa apampando a nthambi, alembi, makhansala ndi nduna za mafumu ayenera kuchera khutu. Ku Kenya, Jomo Kenyatta anakweza mau akuti Harambee mu 1963, ndipo midzi inamanga masukulu ambirimbiri ndi mphamvu zake. M'kupita kwa zaka cinthu cabwinoco cinalowa m'manja mwa akuluakulu. Mafumu a Boma anayamba kufuna lisiti ya harambee munthu asanathandizidwe pa ofesi, ndipo ofuna mipando anasandutsa misonkhano yosonkha kukhala mabwalo oonetsera cuma cosadziwika gwero lake cisankho cikayandikira. Mu 2003 dzikolo linapanga lamulo loletsa wa nchito ya Boma kugwiritsa nchito udindo wake posonkhetsa harambee. Mu Julayi 2024, acinyamata atadzaza misewu ndi mkwiyo, President William Ruto analengezanso kuti akuluakulu a Boma asatengeko mbali m'maharambee. Ciletso cimene ciyenera kubwerezedwa patapita zaka 21 cikuonetsa kukula kwa nthendayo.

Zambia sangaseke Kenya pa nkhaniyi. Akuluakulu akukumbukira masiku a cipani cimodzi pamene munthu anali kufunsidwa khadi asanalowe mu msika kapena kukwera basi. Acinyamata akukumbukira zaka zoyandikira 2021, pamene makada anali kutolera ndalama m'misika ndi m'masiteshoni a mabasi a ku Lusaka popanda lisiti ya khonsolo. Copereka cimene munthu apereka poopa kutaya malo ake pa msika, kapena poopa kucotsedwa pa mndandanda wa feteleza, ndi msonkho wakuba wobvala malaya a cifundo. Cifukwa cake mtsogoleri wa ndale kapena wa nchito ya Boma asagwire thumba la zopereka. Aitane msonkhano ngati afuna, aponye zake m'mbale monga wina aliyense, koma thumba likhale ndi msungi wosankhidwa ndi osonkha. Ndipo mtsogoleri amene amabwereketsa cidindo ca ofesi yake kwa mlendo amene sanamufufuze, kaya cifukwa ca ulemu kaya cifukwa ca kamphatso, adziwe kuti anthu amapereka poona cidindoco, ndipo mlandu wa ndalama zotayikazo uli pa iye pamodzi ndi wothawayo.

Aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi makhansala akabwera ku misonkhano ya m'mawadi, anthu ali ndi zoti awauze, ndipo sizovuta kuzimva. Cilolezo cizituluka ku khonsolo ya boma lirilonse, osati ku Lusaka, pakuti gulu la ku Mambwe silingathe kuthera ndalama za ana amasiye pa ulendo wa basi. Kwa magulu ang'onoang'ono cikhale caulere, ndipo yankho lizibwera m'masiku owerengeka olembedwa m'lamulo. Wokanidwa apatsidwe cifukwa colembedwa, ndipo akhale ndi ufulu wokadandaula kwa majisitireti. Wosonkhetsa aliyense anyamule kalata ya dzina lake ndi nambala ya cilolezo, ndipo apereke lisiti ngakhale pa K5. Wosabweza ciwerengero asapatsidwenso cilolezo cina. Maina a ololedwa, pamodzi ndi ciwerengero ca zimene anasonkhetsa ndi zimene anagula, aikidwe pa bolodi la khonsolo, atumizidwe kwa mafumu, ndipo awerengedwe m'Cinyanja pa mawailesi a m'dera monga Breeze FM ku Chipata ndi Chikaya ku Lundazi, kuti ndi wosadziwa kuwerenga yemwe amve ndi makutu ake.

Pamene zimenezi zikudikiridwa, nyakwawa ndi komiti ya mudzi ali nayo kale mphamvu yokhazika mlendo wa pepala pa mpando, kulemba nambala ya registiresheni yake, kufunsa kumene kuli ofesi ya bungwe lake, ndi kutuma mnyamata wa foni kuti afunse ku khonsolo mbale isanayende. Mlendo akati ali pa cangu ndipo sangadikire mpaka mawa, aperekezedwe ku mseu mwaulemu, nkhuku zibwerere m'khola.